Mpango Wakuda wa Assucena

Assucena ndinamudziwira pamzere wa ufa ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo, tonse tili atsikana oyenda chapansi. Ngakhale pamenepo ankandiposa. Chitini chake ndi changa zinali zofanana, koma wopima ufa uja akafika pa iye dzanja linkalemera. Sindikunama ayi, Mulungu akundimva.

Mtendere utabwera, malole anatitula pa Zóbuè. Tinakwatiwa chaka chimodzi, ine Luzia ndi a Constantino, iye ndi a Tomé. Madimba athu anali ogundana, mbewu ya kabichi tinagawana ya m'pepala limodzi. Wake ankamanga mitu yoti kunyamula ndi manja awiri, wanga ankangotalika ngati akufuna kuona ku Mwanza. Atabereka mwana wake Zaida, ndine ndinamugwirira pa ubatizo, ndiye kuyambira pamenepo ndife makomadre. Timaitanana "inu", mwaulemu. "Iwe" amatuluka pokhapokha tikayambana.

Malasha atayamba kukumbidwa mwamphamvu ku Moatize, ku Zóbuè kunatsala nkhalamba ndi mbuzi. Aliyense ankatsika. Ife tinatsika oyamba. A Constantino anapeza ntchito yonyamula katundu, ine n'kuyamba kugulitsa kabichi ndi matimati pamsika. Tinapeza kachipinda ka renda kuseri kwa nyumba ya munthu, malata obooka, ife ndi ana anayi momwemo. Ndinkakatukwana kachipindako tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti tinachita mwayi. Anthu a kumudzi wa Mithete ankasamutsidwa kupita ku Cateme kuti mgodi upeze malo, pomwe ena ankakhamukira kuno kuchokera ku Beira, ku Angónia, ku Zimbabwe, mpaka khola la nkhuku linayamba kukhala ndi renda. Pamene Assucena ndi a Tomé ankafika, ngakhale kholalo kunalibe. Ankagona pakhonde la sitolo kufupi ndi siteshoni, Zaida pakati, katundu kumutu.

A Tomé analowa ntchito youmba njerwa kumtsinje, n'kudzimangira kachisakasa pafupi ndi uvuni. Koma kumeneko si kolerera mwana wamkazi. Amuna okhaokha, utsi, kachasu.

Tsono apa mumvetse bwino. Ku Moatize kuli nyumba zambiri zosatha, timati maobra. Munthu akagwira ndalama za malasha amayamba chinyumba cha zipinda zambirimbiri, akafika pa malata thumba lauma. Nyumba ikhala choncho zaka, yopanda mazenera, yopanda zitseko. Akuba amabwera kudzazula mawaya ndi zitsulo, ndiye mwini wake amafuna munthu wogonamo, osalipira, osalipidwa. Koma safuna banja. Mwambo wathu umati m'nyumba yatsopano, oyamba kugonamo ngati mwamuna ndi mkazi akhale eni ake. Banja lina likayamba, nyumbayo yatenthedwa. Mwini wake akadzalowa adzatupa miyendo, ana adzadwala osachira. Ine ndine wa tchalitchi, kolona sichoka m'khosi mwanga, sindikuti ndimakhulupirira. Koma nditamanga yanga, sindingayesere dala. Ndiye eni maobra amasaka amasiye. Mnyamata ayi, abweretsa atsikana. Wamasiye, makamaka wopemphera, amachita kumulimbirana.

Nthawi imeneyo Assucena anali atangoika mayi ake ku Zóbuè. Anali m'zakuda, mpango wakuda kumutu. Tsiku lina ali pampopi, bambo wina anaimitsa galimoto n'kutsitsa galasi.

"Mayi, pepani ndi zovutazo. Ndinu amasiye?"

Assucena anangoyang'ana pansi. Amandilumbirira mpaka lero kuti sanayankhe, maganizo anali kwa mayi ake. Bamboyo, mwini wa obra ina, anatenga kukhala chete kuja ngati inde. Tsiku lomwelo iye ndi Zaida anachoka pakhonde la sitolo n'kulowa m'chinyumba choti ukatsokomola kuchipinda, khoma la pabalaza limayankha.

Chaka cha maliro chitatha, mpango sunachoke. China chinadutsa, mpango uli pomwepo. A Tomé anasanduka "alongo ake". Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa ankabwera, chipewa m'manja, n'kukhala panja pabuloko la simenti. Apa ndiwachitire umboni, pakuti ndinaona ndi maso anga: phazi lawo silinalumphepo khomo la obra iliyonse. Mvula igwe, ankabisala pansi pa mtengo. Ankati, "Nyumba ya mwini sitiitenthetsa, tikuibwereka chabe." Assucena ndiye ankatsikira kumtsinje masana ndi dengu la chakudya. Zimene zinkachitika m'kachisakasa muja ndi za iwo ndi Mulungu, anamangitsa ukwati pa guwa.

Ine ndiye umasiye unandipeza weniweni. A Constantino anayamba ndi kachifuwa kouma, tinkati ndi fumbi la malashali, lithera lokha. Silinathe. Tinawaika konkuno ku Moatize, bayiro yonse, ndiye kuti dera lathu lonse, inabwera. Ndinagona pamphasa, ndinametedwa tsitsi, ndinavala zakuda chaka chathunthu. Chitakwana, azilamu anga anatsika kuchokera ku Zóbuè, tinapempheretsa Misa, ndinavula zakuda monga mwa mwambo. Mwamva? Ine wamasiye weniweni ndinavula. Wa mwamuna wamoyo anapitiriza kuvala. Tikamayenda limodzi mumsewu, anthu ankapatukira iye, "Pepani mayi, Mulungu akulimbitseni," ine n'kumandigunda ndi njinga.

Ndinayesako kamodzi kupempha obra. Mwini wake anayang'ana kapulana yanga, chitenje chamaluwa, anayang'ana ana anayi kumbuyo kwanga, n'kunena kuti andiitana. Mpaka lero akundiitana.

Sindikuti moyo wa Assucena unali wa uchi. Madzi ankatunga kutali, mileme inkagona naye, nthawi ya mphepo fumbi la malasha linkalowa mbali ina n'kutulukira ina. Ndipo ankadziwa lamulo lake: mazenera akabwera, iye amange katundu. Akangoona galimoto yatsitsa magalasi, ankayamba kufunsa pampopi ngati kuli obra ina yofuna munthu. Anasamuka choncho kangapo, mphasa pamutu, mapoto m'thumba. Koma ankapeza nthawi zonse, ndipo iliyonse inkaposa inzake. Zaida anakulira m'nyumba za anthu olemera mpaka anakwatiwa ku Tete, osadziwa kuti mwini nyumba akamagogoda kumapeto kwa mwezi mimba imatentha bwanji.

Yomaliza inali ya a José Carlos, bambo wa malole. Yosanja, pamtunda. Ukakwera pamwamba umaona njanji yonse, sitima ya malasha ikukwawa ngati bongololo, ndipo kamphepo kamakuomba ngati uli ku Zóbuè. Moatize muja mmene mumatenthera, ine ndikuwira m'malata ngati mbatata, komadre ali pamwamba akudya masau. Ngakhale fumbi linkamukondera. Ine ndikayanika bulauzi yoyera, pofika masana yada. Iye zake n'zakuda kale.

Kenako chinafika chaka cha chisankho cha munisipiyo, chosankha pulezidenti wa tawuni, amene ku Malawi amati meya. Ntchito za malasha zinali zitachepa, koma anthu osachepa, ndiye nkhani inali imodzi: pogona. Opikisana anali atatu. A Boaventura, a mimba yabwino ndi magalimoto ambiri, ankati Moatize ikule ikhale mzinda weniweni, misewu ya phula, msika wosanja, onse omanga m'mbali mwa njanji ndi kumtsinje achoke, koma amasiye awamangira nyumba, ndiwo oyamba. A Inocêncio, amene kale ankaphunzitsa ana, ankati nyumba yopatsidwa ndi nyambo chabe. Iwo adula malo kunjira ya ku Zóbuè, aliyense apatsidwe pake ndi madzi, amange yekha. Ndipo maobra okhala zaka osatha, eni ake awamalize, apo ayi munisipiyo iikamo mabanja. Wachitatu anali mayi, Dona Arlete. Iye ankangonena za ogona pamakhonde ndi pasiteshoni, kuti awamangira pogona, ndi kuti renda isamakwere mwini nyumba akangolota zoipa.

Pampopi tinkakangana ngati ndife ophunzira.

"Malo opanda njerwa ndigonapo bwanji? Ndifunda pepala?" anatero mayi wina.

"Nanga msika wosanjawo," ndinatero ine, "dengu la matimati ndizikwera nalo pamakwerero ndi mawondo anga awa?"

"Inu a Luzia voterani Dona Arlete, renda yanu igone," anatero wina.

Mayi woyamba uja anati, "Mkazi mnzathu awine? Ovota ake amuna athu omwewa, oti ngakhale mchere ukawauza kuti wachepa amakana?"

Tinaseka. Assucena yekha sanaseke. Anadikira ena atasenza ndowa zawo, n'kundiuza chapansipansi.

"Komadre, aphunzitsiwo akawina, a José Carlos athamangira kuika mazenera, ine ndatuluka. A Boaventura akawina, kumtsinje achotsako anthu, bambo a Zaida alibe pogona. Dona Arlete akawina, atiika m'chinyumba cha ogona pakhonde, amuna uku akazi uku. Aliyense akawina, ine ndimanga katundu. Ndatopa, komadre. Ndakalamba ndikuchezera mwamuna wanga ngati chibwenzi."

Ndinamumvera chisoni tsiku limenelo, ndithu. Chisonicho sichinakhalitse.

A Boaventura, pofuna kuonetsa kuti salankhula chabe, anamanga kanyumba kamodzi kachitsanzo ndi ndalama zawo. Zipinda ziwiri, malata atsopano, chitseko chabuluu, mpopi pakhomo. Tonse tinapita kukakazungulira, kusuzumira pazenera. Anati pamsonkhano wawo womaliza, Loweruka, apereka kiyi kwa wamasiye mmodzi pamaso pa anthu. Tsono a José Carlos ndiwo ankanyamula anthu a a Boaventura pamalole awo. Mukuona kumene ikupita.

Lamulungu titatuluka ku Misa ndinadzera ku obra. Ndinapeza a Tomé pabuloko lawo pansi pa mtengo wa masau, Assucena pamphasa, onse nkhope zowala ngati adzola mafuta.

"Komadre, khalani pansi," anatero Assucena. "Andisankha."

"Akusankhani chiyani?"

"Ya chitseko chabuluu ija. A patrau, a José Carlos, anawauza a Boaventura kuti ali ndi wamasiye wabwino, wosamwa, wopemphera."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi otentha m'khutu. Ulemu unathera pomwepo.

"Iwe Assucena! Wamasiye ndani pano? Anagona pamphasa pambali pa bokosi ndani? Anametedwa tsitsi ndani? Iweyo unabwera ndi nkhuni pamaliropo, lero waiwala?"

"Sindinaiwale. Koma mukanapanda kuvula zakuda..."

"Ndinavula chifukwa ndi mwambo! Ine ndimatsata mwambo, iwe umadya nawo!"

"Epa, komadre, mtima pansi," anatero a Tomé, akutafuna sau. "Nyumbayo ikabwera, inunso muzidzamwera tiyi momwemo."

"Nanga inu kompadre muzidzalowamo ngati ndani? Mzukwa?"

"Pakapita nthawi ndidzafunsira. Wamasiye saloledwa kukwatiwanso?"

"Akwatiwe ndi mlongo wake? Mukufuna a padre akomokere pa guwa?"

Anaseka mpaka kumenya bondo. Ine ndinalimbitsa milomo, koma pang'ono ndiseke nawo. Assucena ndiye anayamba kupotokola nsonga ya mpango.

"Vuto ndi limodzi," anatero. "Akuti ndiyankhule. Ndinene mmene bambo anamwalirira, anthu amve chisoni. Komadre, zaka zonsezi mawu amenewo sanatulukepo pakamwa panga. Mpangowu ndi umene umanama, ine ayi. Munthu ali moyo, akupuma, ine ndiime pagulu ndinene kuti anafa? Si kumuitanira kumeneko?"

"Ndipheni basi, mayi a Zaida," anatero a Tomé. "Tsiku limodzi lokha. Ndifa Loweruka, Lamulungu mundipeza pano ndikudya masau."

"Musachite chipongwe, kompadre," ndinatero. "Wouka Lamulungu ndi mmodzi yekha."

Anasekanso, koma kusekako kunathera m'chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali, atawerama, kachifuwa kouma kokhala ngati wina akucheka thabwa. Ine ndi Assucena tinayang'anana. Assucena analipo pamene a Constantino ankayamba kutsokomola chomwecho.

"Utsi wa uvuni chabe," anatero a Tomé, akupukuta misozi. "Mukuona? Ndikufunika nyumba ya chitseko. Munene basi, mayi a Zaida. Mulungu amadziwa kuti tikufuna denga."

Sabata imeneyo ndinapemphera kwambiri. Ine pamaso pa Ambuye sindizungulira. Ndinkati, "Ambuye, inu mumaona zonse. Sindikuti mumulange, ndi komadre wanga. Ndikungoti muyang'anenso bwino amene ali wamasiye pakati pa awirife." Kukaulula kwa a José Carlos sindikanatha, ndinagwira mwana wa Assucena pa ubatizo. Koma kuombera m'manja ndinalumbira kuti sindiomba.

Makapulana a chisankho ndinali nditalandira onse atatu. Wosauka sasankha nsalu. Loweruka lija ndinatsegula thumba n'kutenga dala ya a Inocêncio, yachikasu, nkhope yawo ya magalasi itakhala bwinobwino pathako langa. Ndinati aone kuti si tonse tagulidwa ndi chitseko chabuluu. Nditafika pabwalo, anyamata a a Boaventura anandiona.

"Mayi, mwasochera. Msonkhano wa aphunzitsi unali dzulo."

"Bwaloli ndi la agogo ako?"

"Pitani kumbuyo, musatiwonongere zithunzi."

Anandikankhira kumbuyo kwenikweni, kumpanda. Kumeneko ndinapeza a Tomé, thalauza lofiira ndi dothi la njerwa, chipewa chotsitsa mpaka m'maso.

"Mwabwera kumaliro anu, kompadre?"

"Ndati ndione ngati kubwere anthu ambiri."

Dzuwa linali loswa mutu. Ng'oma, magule, fumbi lakuda likukwera mpaka kumeza. Pansanja panali a Boaventura, a José Carlos ndi akazi awo, ndi Assucena pampando wa pulasitiki, atamugulira zakuda zatsopano zonyezimira. Anaoneka bwino, ndisabise. Ine pamaliro enieni sindinaoneke choncho.

A Boaventura analankhula nthawi yaitali, Chipwitikizi kenako Chinyungwe. Za phula, za msika, za mzinda woti alendo akatsika sitima azivula chipewa. Kenako anatulutsa kiyi womangidwa kansalu kabuluu, n'kumukweza m'mwamba. Anthu anakuwa. Anamugwira dzanja Assucena n'kumuimika kutsogolo.

"Mayi awa akhala zaka akulondera nyumba za anthu ena, opanda yawo, opanda wowathandiza. Lero zatha. Mayi, auzeni anthuwa. Bambo anatisiya liti?"

Anamuikira chimkuzamawu pakamwa. Ng'oma zinaleka. Bwalo lonse linati zii.

"Amuna anga..." anatero Assucena. Mawu ake anamveka mpaka kunjanji. Anaima.

Pambali panga a Tomé ankanong'ona, "Nena, mkazi iwe. Nena."

"Amuna anga, a Tomé..."

Pomwepo fumbi lija linawagwira pakhosi. Anayesa kutseka ndi chipewa, anawerama kubisala kumbuyo kwanga, nkhope kufupi ndi ya a Inocêncio. Koma chifuwa sichimva ndale. Chinatuluka, khoo, khoo, khoo, thabwa lija likuchekedwa, pabwalo poti ngakhale mwana sankalira.

Ndinaona Assucena akudzutsa mutu. Sanasake ayi. Maso ake anabwera molunjika kumpanda, kudumpha mitu yonse ija. Anayang'ana kiyi, anayang'ananso kumpanda. Ndiye analankhula bwinobwino, ngati ali pakhomo pake.

"Amuna anga ndi awo akutsokomolawo. Wina awapatse madzi."

Mayo ine! Poyamba anthu sanamvetse. Kenako onse anatembenuka. Wina anakuwa, "Wauka!" Bwalo linaphulika. Ena akuseka mpaka kukhala pansi, amayi ena akululuta, woimba ng'oma anayambanso kuimba yekha osauzidwa. A José Carlos anaimirira, nkhope ngati amwa mankhwala owawa. Akazi awo anagwira pamutu.

A Boaventura ndi munthu wa ndale, sagwa chagada. Anaseka nawo, n'kutenga chimkuzamawu.

"Mwaona chilungamo cha amayi a Moatize? Ngakhale akufa amauka kudzativotera! Chabwino. Pali wamasiye weniweni pano?"

Abale anga, ndinakweza manja onse awiri. Ndinalumpha ndi mawondo omwewa. "Ine! Ine pano! Luzia wa malemu Constantino!" Anthu ondidziwa anayamba kundikankhira kutsogolo, "Awa, awa ndi enieni!" Ndinafika pakati ndithu. A Boaventura anandiona. Anaona nkhope yanga, anatsitsa maso, anakumana ndi magalasi a a Inocêncio pa kapulana yachikasu. Maso awo anangopitirira ngati ndine mtengo. Kutsogolo kunali mayi wina wa zakuda, Palmira wogulitsa nsomba zouma. Anamukweza pansanja, kiyi m'manja. Ndi wamasiye, sindikana. Koma ali ndi ana awiri ogwira ntchito kumgodi, ndipo mpaka lero akadutsa pabenchi langa amandifunsa mtengo wa matimati kiyi uja akulendewera m'khosi.

Anthu akubalalika, Assucena anatsika yekha, palibe anamugwira dzanja. Anabwera kumpanda ndi botolo la madzi limene anatola patebulo la akuluakulu.

"Imwani."

"Mayi a Zaida, mwataya nyumba chifukwa cha chifuwa?" A Tomé anali okwiya, sindinawaonepo choncho. "Mawu awiri okha! Ndinakulolani ine mwini wake!"

"Inu munalola. Nanga ndikananena, n'kudzachitikadi, ndikanagona bwanji m'nyumbamo? Chitseko chabuluu ndikanachitsegulira ndani? Imwani madziwo. Lolemba tikupita kuchipatala, musandiyankhe."

Anamwa.

M'mawa mwake tisanapite ku Misa, ndinamva kuti galimoto ya a José Carlos yakwera kumtunda. Ndinathamangira komweko. Ndinapeza mphasa, mapoto ndi thumba la zovala zili kale panja. A Tomé anaima patali ndi khomo monga mwa masiku onse, chipewa m'manja.

"Patrau, ndikulumbira, phazi langa silinapondepo m'nyumba mwanu. Funsani aliyense."

"Tifunse ndani, makoma?" anatero dona, akazi a a José Carlos. "Zaka zonsezi mukunditenthera nyumba! Ine miyendo yayamba kale kulemera, ndimadabwa!"

"Dona, inu simunagonemo n'kamodzi komwe," ndinatero ine. "Miyendoyo ndi ya mafuta."

"Inu ndinu ndani?"

"Mboni. Bambo awa mvula imawanyowetsa pansi pa mtengo uwo, denga lanu lili apo."

A José Carlos anangopukusa mutu. Anati kaya n'zoona kaya n'zabodza, anachititsidwa manyazi pamaso pa tawuni yonse, ndipo aitana munthu wodziwa zitsamba adzawaze nyumba yonse. Assucena achoke lero lomwe. Koma ndinawaona akuyang'ana mawaya olendewera kudenga. Ankadziwa kuti nyumbayo ikagona yokha kawiri, atsala ndi makoma.

Assucena sanapemphe. Anakweza manja n'kumasula mpango uja. Ndinadzidzimuka. Tsitsi lake ndinali ndisanalione zaka, linali litachita imvi mbali zonse. Anaupinda bwinobwino n'kundiika m'manja.

"Dona, wamasiye weniweni ndi uyu. Bayiro yonse inaika amuna ake. Samwa, Misa saphonya. Pakamwa pokha ndiye mupirire."

Dona anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ana?"

"Atsala awiri, aakuluakulu. Ena anapita kumabanja."

"Mwamuna wobwera Lamulungu?"

"Akabwera mundiuze, ndithawe nanu limodzi."

A José Carlos anaseka osafuna. Dona sanaseke. Anati, "Koma muzivala zakuda, anthu aziona. Sindikufunanso nkhani."

Ndinatembenukira kwa Assucena. "Nanga inu komadre mugona kuti?"

"Kachipinda kanu katsala kopanda munthu, si choncho? Mwini wake safunsa za mpango, amafunsa za renda. A Tomé amaumba njerwa, ine ndiyamba kugulitsa masau. Tikwanitsa."

Tinasinthana tsiku lomwelo, pa wilibala imodzi. Popita inanyamula zake, pobwera zanga.

Chisankho chinachitika, wowina anawina, ena analira kuti aberedwa. Phula lafika pena, pena ayi. Anthu akugonabe pasiteshoni. Ine chala ndinadetsa inki, koma amene ndinamuvotera ndi za ine ndi Mulungu. Mazenera a a José Carlos sanabwerebe, ndipo ndimapempha kuti malole awo aziyenda bwino pang'ono chabe, osati kwambiri.

Ndiye pano ndimakhala pamwamba, m'zakuda kachiwiri, mpango wa Assucena kumutu. Kamphepo kaja ndi kanga tsopano. Mumsewu anthu amandipatukira, "Pepani mayi." Renda sindilipira. Ndikayitana mwana, khoma limayankha iye asanayankhe. Zonse zimene ndinkasirira ndazigwira m'manja.

Koma popita kumsika njira yanga imadutsa pakachipinda kaja. A Tomé anapezeka ndi matenda a m'chifuwa, akumwa mankhwala, ayamba kunenepa. Ndimawapeza atakhala pakhomo penipeni, phazi lina mkati, lina kunja, ngati sakukhulupirirabe kuti aloledwa. Assucena amavala kapulana yachikasu ija, ndinamupatsa ine ndemwe chifukwa sindinkafunanso kuiona. Pa iye ikukhala bwino. Tsiku lina mvula itagwa ndinawapeza akukangana za pamene aike beseni, denga likudontha pamalo pomwe paja pamene pankandidonthera ine.

"Sunthirani uko, alongo anga," anatero Assucena.

"Mlongo wanu anapita kumtsinje, mayi. Muno muli malemu."

Anaseka awiriwo mpaka beseni kutayika. Ine ndili panja ndi dengu pamutu, m'zakuda, ndikunyowa.

"Lowani komadre, mumwe tiyi!"

Ndinalowa. Malo okhala panalibe, ndinakhala pathumba la makala. Ndinayang'ana makoma amene ndinawatukwana zaka zonse zija. Kachipinda komweko, kununkha komweko, malata omwewo. Sindinkadziwa kuti n'kabwino. Kanali kakudikira Assucena.

Lamulungu lotsatira ndinagwada m'tchalitchi pabenchi langa la masiku onse. Ndinati, "Ambuye, munayang'ananso, ndaona, ndathokoza. Nyumba yosanja mwandipatsa. Koma musaganize kuti sindinazindikire. Dzanja lalemeranso kwa iye."